Kilachi ya Bwana Mphenzi

Joni, 10 Febuluwale 1957

Okondedwa amake Rute,

Moni kwa inu, kwa mwana wathu Rute ndi kwa onse a pa Tsangano. Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha chinandigwira sabata yatha koma chandisiya. Kaya inu kumeneko ndi mvula imene ndikumvayo.

Alongo anu a Goliati anafika Lachiwiri, mapazi atatupa, nsapato zili m'manja. Ndinachita monga munandipempha. Ndinakagwada kwa bwana wanga, ndipo awalemba ntchito pagalaja pomwe pano. Chitupa chawo bwana azisaina mwezi ndi mwezi monga amachitira ndi changa. Muwauze amayi anu kuti kuno chitupa ndiye moyo. Tsiku limene bwana wakana kusaina, apolisi amakutola n'kukakutaya kumafamu a kachewere, kumene anthu amapita ambiri koma obwerako ndi owerengeka.

Powaona alamu pakhomo ndinaseka chamumtima, sindingakubisireni. Munthu uja ankandidzutsa ndi chidendene pachitseko, amvekere mkamwini dzuwa silimupeza pamphasa, lero akundifunsa mwaulemu kuti, "Alamu, madzi ndikatunge kuti?" Zaka zisanu ndi ziwiri ndinawalimira kachewere pamudzi panu, osamvapo zikomo ngakhale wa m'mphuno. Paja amati ukayenda uzisiya phazi, osati mlomo.

Bwana wathu timamutcha Mphenzi. Ali ndi kagalimoto kofiira, kopanda denga, ka mipando iwiri, kotsika moti mbuzi ingakadumphe. Sikanyamula chimanga, sikanyamula wodwala, ntchito yake ndi liwiro basi. Loweruka azungu amasonkhana kunja kwa tauni, pamene anamanga msewu wozungulira wosapita kwina kulikonse, n'kumapirikitsana mpaka dzuwa kupendeka. Ife timapita nawo kukasintha mateyala ndi kuthira mafuta. Mwezi watha bwana anaikako paipi yautsi yatsopano, yaikulu kuposa yakale, ndipo kulira kwake umakumva m'mano.

Kachewere wa kumtunda mupalire msanga, asakule ndi udzu. Nkhokwe ija mufoleretse mvula isanaononge. Ndatumiza nsalu yanu ndi kadiresi ka Rute, mukafunse kupositi.

Ndine mwamuna wanu,
Fabiano

Joni, 24 Malichi 1957

Amake Rute,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino nonse. Ifenso tili bwino. Alamu tsaya lokha ndilo latupa, koma litsika.

Kuti mumvetse, ndikuuzeni za galimoto. Kumapazi kwa woyendetsa kuli zopondera zitatu. Cha kumanzere ndicho kilachi. Ukachiponda, injini imalekana ndi mateyala kuti usinthe giya. Kuchokera pachoponderacho pali kapaipi kopyapyala ngati phesi la mapira, kodzaza mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amakakankha chitsulo kunsi kwa galimoto.

Dzulo bwana anazungulira kasanu ndi kawiri bwinobwino, anzake onse ali m'mbuyo. Ulendo wachisanu ndi chitatu tinangomva giya ikukukuta pakona, kenaka kagalimoto kaja kakubwera chokwawa. Akuti anaponda kilachi, chopondera n'kungomira mpaka pansi ngati waponda dzungu lowola. Anatsika ali wofiira kuposa galimoto yake. Anatukwana, nasuta ndudu ziwiri, natukwananso. Chodabwitsa n'chakuti pomaliza ndudu yachiwiri, ine nditaponda ndi phazi langa, kilachi inali italimbanso ngati sinalakwepo kanthu.

Bwana anati m'kapaipi mwalowa mpweya. Kutulutsa mpweya ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amakhala pampando n'kumaponda, wina amagona chagada kunsi ndi sipanala, kutsegula ndi kutseka kanati koti mpweya utulukirepo. Pampando pamakhala ine, kunsi kumagona alamu, ndipo ntchitoyi tinali titaigwira Lachisanu.

Bwana anafunsa kuti anali kunsi ndani. Ine ndinangoyang'ana kumene kunali alamu. Bwana akuti alamu amachedwa kutseka kanati, mpweya n'kubwereramo. Anawamenya khofi limodzi lokha, koma la mkono wonse, pamaso pa madona a maambulera. Alamu anatola chipewa chawo, nachikutumula, nati, "Inde bwana." Mwini mbumba wa pa Tsangano, munthu amene akatsokomola akamwini tonse tinkakhala pansi! Manyazi anandigwira ine m'malo mwawo, komabe pena mumtima panandiyabwa bwino.

Izi musawauze amayi anu. Mbuzi yabereyo muzimangirira pafupi ndi nyumba.

Ndine,
Fabiano

Joni, 5 Meyi 1957

Amake Rute,

Moni nonse. Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi, dzanja lamanja ndinapsa pang'ono kuntchito sabata yapitayo. Si nkhani yoti mudandaule nayo, matuza aphulika kale.

Mwalemba kuti ndiziwayang'anira alongo anu popeza kuno alibe wina. Ndikuwayang'ana ndithu, tsiku ndi tsiku.

Kilachi ija yatisautsa mwezi wonse wa Epulo. Bwana anagula timphira tatsopano ta m'kati, tinasintha. Kenaka anati mwina mbale yachitsulo ya m'kilachi yatha, tinatsitsa giyabokosi yonse. Chitsulo chimenecho n'cholemera ngati thumba la chimanga, ndipo amachilandirira pachifuwa ndi amene ali kunsi. Kuyambira tsiku limenelo alamu akumatsokomola mogwira nthiti. Mbale yakale itatuluka inali yabwinobwino, koma bwana sanafune kuiyang'ana kawiri.

Mpweya tatulutsa kasanu. Alamu tsopano amatseka kanati mofulumira moti sipanala imawasupula zala. M'galaja kilachi imalimba. M'tauni imalimba. Koma pa 27 Epulo titapitanso kubwalo la mpikisano, kasanu ndi kawiri bwino, kachisanu ndi chitatu yamira. Galimoto itangoima ndinalowetsa dzanja kunsi kuti ndione ngati mafuta akudontha. Sanali kudontha.

Pa 13 Julayi kuli mpikisano waukulu wa chaka, ndipo bwana amaulota usana. Wanena pamaso pa tonse kuti ayesanso kotsiriza kumapeto kwa Juni. Ikamiranso, chitupa cha alamu sasaina. Akuti sangadyetse munthu wolephera kutseka nati imodzi.

Ine kamaganizo kanga ndili nako pa galimotoyi. Koma kwanu kuja anandiphunzitsa bwino kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo ine maphunziro sindiiwala.

Kachewere mukakumba musagulitse yense kwa amalori a pamsewu, amakuberani pa muyeso. Mbewu musankhe yaing'onoing'ono, muiyale pamthunzi. Rute azipita kusukulu ya kumishoni ngakhale kuzizire bwanji.

Ndine mwamuna wanu,
Fabiano

Joni, 16 Juni 1957

Amake Rute,

Moni. Tili moyo. Kuno kwazizira kuposa pa Tsangano, madzi a m'ndowa akumagwira pamwamba m'mawa. Chifuwa cha alamu sichinathe.

Lero titachokera kutchalitchi tinakhala padzuwa kuseri kwa galaja. Alamu anali kusoka nsapato yanga imene inang'ambika, popeza masiku ano amandichitira tinthu tambiri osatumidwa. Kenaka anaika nsapato pansi.

"Alamu," anatero, "inu galimotoyi mumaidziwa ngati ng'ombe ya m'khola mwanu. Tandiuzani zoona. Vuto ndine kodi?"

Ndinati, "Bwana ndiye wanena."

"Za bwana ndamva. Ndikufunsa inu."

"Ine ndingadziwe chiyani? Ndine wa khasu."

Kenaka, maso ali pansi, anati, "Za amayi anu zija ndinalakwa, alamu. Ndinkayesa ndi matenda wamba. Mundikhululukire."

Amake Rute, nkhani imeneyi sitinaikambepo ine ndi inu, koma mukuikumbuka. Uthenga unabwera kuchokera ku Kasinje Lolemba kuti amayi anga akundiitana. Alongo anu anaimirira pamzere ndi kunena kuti palibe mkamwini achoke kachewere asanathe kukumbidwa, apo ayi ndinyamuliretu mphasa yanga. Inu munali pomwepo, mwana ali kumbuyo, ndipo munayang'ana kumbali. Ndinakumba mpaka Lachisanu. Ndinatsika phiri lonse lija ndi miyendo, n'kukapeza anthu akusesa kale pabwalo. Achemwali anga anandilozera mtumbira ndi chibwano, osandipatsa ndi moni yemwe.

Zaka zisanu zapita, ndipo kupepesa kwabwera lero, kutatsala masabata awiri kuti bwana ayese galimoto. Ndinawauza kuti zakale n'zakale. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, misozi ili lengelenge, natenga nsapato ija n'kumaliza kusoka. Amasoka bwino, zimenezo sindingawamane.

Akukupatsani moni. Akuti muuze akazi awo kuti mwana akabadwa wamwamuna adzamutche Silivesitala, dzina la atate anu.

Dimba lija mutipule tsopano, madzi asanatsike.

Ndine,
Fabiano

Joni, 21 Julayi 1957

Okondedwa amake Rute,

Moni wa chimwemwe kwa inu ndi Rute. Ine ndili bwino kwambiri, dzanja linapoleratu.

Bwana Mphenzi anapambana! Anazungulira makumi atatu osaphonya giya ndi kamodzi komwe, nalandira chikho chachikulu moti mungaphikiremo thobwa. Anandigwira paphewa pamaso pa azungu anzake, akuti uyu ndi Munyasa wa mutu. Wandigulira ovolosi yatsopano, ndipo kachipinda kanga kogona waikamo chitseko chenicheni.

Ndikuuzeni m'mene ndinaganizira, mudziwe kuti simunakwatiwe ndi chitsiru. Ndinati, ukanakhala mpweya wotsalira, kilachi ikanamira kuyambira m'mawa, chifukwa mpweya sudikira ulendo wachisanu ndi chitatu. Tikanakhala timphira, mafuta akanadontha kapena kuchepa m'kabotolo kosungira mafutawo, koma sankachepa. Ikanakhala mbale, injini ikanamalira galimoto osakoka, ndiponso pakanamveka fungo. Nanga n'chiyani chimabwera galimoto ikathamanga, n'kuchoka bwana akasuta ndudu ziwiri? Kutentha. Paipi yautsi yatsopano ija inkadutsa pafupi ndi kapaipi ka kilachi, mpata wake chala chimodzi. M'tauni sipsa kwenikweni, koma pabwalo imachita kufiira, mafuta m'kapaipi n'kuwira ngati madzi a tiyi. Ukaponda thovu sungakankhe chitsulo.

Ndinapinda kapaipiko kuti katalikire ndi chikhatho chimodzi, ndinakakulunga ndi chingwe chosapsa, pakati n'kutchingapo ndi kachidutswa ka chitini cha palafini. Ntchito yonse ndinayamba m'mawa Lachitatu pa 3 Julayi, pofika nkhomaliro ndatha. Bwana anadzimenya pamphumi n'kuseka mpaka kutsamwa.

Za alamu. Poyesa paja pa 29 Juni kilachi inamiranso, ndipo Lolemba lake bwana anawaponyera chitupa chosasaina, amvekere fotseki. Ndinawauza kuti m'chipinda sangakhalenso, chifukwa apolisi akawapeza atitenga tonse awiri. Anamanga kamtolo kawo nati akayesa kwa anthu akwathu a kumigodi. Ndamva kuti anakumana ndi apolisi pasiteshoni. Zikuoneka kuti apeza ntchito ina kumafamu. Kachewere amamudziwa, sakavutika kuphunzira.

Ndakutumizirani bulangete lalikulu laubweya, la mizere yofiira, lokwana awiri. Mulisunge bwino, ndidzalifuna ndikabwera.

Ndine mwamuna wanu,
Fabiano

Joni, 17 Novembala 1957

Amake Rute,

Moni. Ndili bwino. Makalata anu atatu onse ndinalandira, musaganize kuti anasochera. Ntchito yachuluka, chifukwa azungu ena amva za ine ndipo akumabweretsa magalimoto awo kuti Fabiano awamvetsere.

M'makalata onse atatu mwalemba chinthu chimodzi, kuti popeza vuto silinali la alongo anu, ndikapemphe bwana alembe kalata yokawatenga kufamuko. N'zoona kuti mzungu akalemba kuti munthuyu ndi wanga, amamubweza. Koma bwana ndi munthu woti umuyambe nthawi yake. Mu Ogasiti anali ndi alendo. Mu Sepitembala anagunda galimoto pakona, mtima unali m'mwamba. Komanso kumukumbutsa kuti anamenya munthu wosalakwa n'kudziputira mavu. Inu muli kutali, za kuno simungazimvetse.

Sabata yatha kunabwera munthu dzina lake Gibisoni, wa ku Kandeu. Wathawa kufamu komwe kunali alamu. Anafika atavala thumba loboola pamutu ndi m'manja, ndiyo yunifolomu ya kumeneko. Zikhadabo alibe. Akuti makasu sawapatsa, kachewere amafukula ndi zala, akapitawo ali pambuyo ndi zikoti, ndipo usiku amawatsekera. Ndinamupatsa chakudya ndi malaya anga akale. Anagona masiku awiri, kungondiyang'ana ndikamadya.

Gibisoniyo akubwerera kumudzi, ndipo akuti adzadzera pa Tsangano asanapite kwawo. Ali ndi mawu ochokera kwa alamu, ndi kolona yawo yopempherera. Ine sindilemba, zina siziyenera pepala. Mudzamulandire bwino, koma musadzameze zonse. Munthu amene wavutika amalankhula mopyola.

Ndamva kuti akazi a alamu anachira, mwana wamwamuna. Muwapatseko nkhuku imodzi m'dzina langa.

Mvula yoyamba ikagwa mubzale chimanga cha kumunsi kaye. Munda wa alamu usagone, mulimemo inu, popeza ndi nthaka yabwino.

Ndine,
Fabiano

Joni, 26 Januwale 1958

Zelesi,

Moni, ngakhale inu simunandipatse moni m'kalata yanu. Ndili bwino m'thupi.

Ndamva zonse. Ndamva kuti Gibisoni anafika, nakuuzani kuti alamu anamwalira pa 9 Okutobala ali pamzere, ndipo anawakwirira m'munda momwemo. Ndinkadziwa pamene ndinkalemba kalata yapita ija. Ndamva kuti popeza mtembo palibe munaika thunthu la nthochi m'manda, ndipo munalikulunga m'bulangete langa la mizere yofiira. Simunasowe nsalu ina pamudzi ponsepo. Munafuna kuti ndimve, ndipo ndamva.

Mwati munayala makalata anga onse pamphasa n'kuwawerenga motsatana, ndipo muli ndi funso limodzi lokha: ndinadziwa liti? Ndikuyankhani, chifukwa bodza ndatopa nalo. Ndinadziwa pa 27 Epulo. Nditalowetsa dzanja kunsi ndinagwira kapaipi ka kilachi, kanandiotcha mpaka khungu kutsalira pomwepo. Kapaipi kameneko sikayenera kutentha. Ndisanatulutse n'komwe dzanjalo ndinali nditamvetsa zonse. Pamene alongo anu ankanditsitsira mawu padzuwa paja, kachidutswa ka chitini ndinali nditadula kale, kali pansi pa mphasa yanga.

Masabata asanu ndi anayi ndinkakhala pampando n'kumaponda, iwo ali kunsi kufunafuna mpweya umene munalibe. Mukufuna ndinene kuti sindinkadziwa za kumafamu? Ndine ndinakulemberani za kumeneko. Ndinkafuna akumbe. Ndinkafuna akumbe kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mtima uli kwina, monga ndinakumbira ine. Kuti afe sindinapemphe, koma sindinaletsenso. Tsiku limene anatuluka ndi kamtolo kawo ndinakondwa, Zelesi. Ndinadya nyama tsiku limenelo. Chimwemwecho chinakhala masabata awiri, ndipo kuyambira pamenepo palibe chimene chikundikomera, koma kulira sindinalire.

Gibisoni wakuuzani kuti alamu anafa akunena kuti, "Fabiano abwera ndi kalata ya bwana, ndi munthu wabwino, anandikhululukira." Gibisoniyo anandiuza inenso. Mukanatha osalemba zimenezo kawiri.

Amalume anu akuti nyumba yanga agwetsa, khasu ndi nkhwangwa yanga atumiza ku Kasinje. Achite. Pamudzi panu sindinakhalepo ndi changa. Mwati Rute mwamuuza kuti atate ake anatayika ku Joni, ndiponso kuti kalata ina ikabwera mudzaiponya pamoto osatsegula. Iyi yokha muwerenge mpaka pansi, chifukwa pali nkhani ya ntchito.

Bwana wagula galimoto ina, yobiriwira, yothamanga kuposa yoyamba. Kuyambira Julayi tasintha anthu atatu ogona kunsi, onse a konkuno, ndipo palibe amene wakhalitsa. Dzana anandifunsa ngati kwathu kulibe wina wonga Goliati, akuti uja anali wofatsa ndi womvera. Ndinamuuza kuti muli ndi mlongo wina, Aleki, amene wangokwatira kumene ndipo akusowa polowera. Bwana wavomera, chitupa chake adzasaina. Mumutumize mvula ikatha. Malo ogona alipo.

Fabiano